Bwanji sikirini ya mainframe siitsika ndi mawusi? Thandizeni pa za F7 ndi F8

wa_pa_Kamuzu_Road:

Moni nonse. Pepani ngati funsoli linafunsidwapo kale, ndasakasaka koma sindinalipeze. Ine ndili kuno ku Salima, masana ndimathandiza pa shopu ya amalume yokonza mafoni pa Kamuzu Road, usiku ndikuphunzira za mainframe, makompyuta akuluakulu aja a IBM, pa kosi ina yaulere ya pa intaneti yomwe amakupatsa akaunti yako pa z/OS, operating system ya pa mainframe. Ndaika wc3270 pa laputopu, pulogalamu yolumikizira ku mainframe, pa TSO polowera paja ndikulowa bwinobwino, ISPF ya mamenyu ndi editor ija ndikufikapo, apo palibe vuto.

Vuto layamba nditatsegula fayilo yaitali ya COBOL, chilankhulo cholembera mapulogalamu. Pa sikirini pakuoneka mizere 20 yokha kapena kuposera pang'ono, ndiye ndati nditsike pansi, kudina kamuvi kotsika ka cursor kakungoyenda mpaka pansi pa sikirini kenako kakutulukira pamwamba pa sikirini yomweyo, mizere osasuntha ngakhale umodzi. Mnzanga anandiuza kuti dina F8, ndadina F8 laputopu yangosintha kuwala basi. Nditagwira Fn ndi F8 pamodzi ndi pomwe zinatheka, koma apa ndiye zikudumpha tsamba lonse kamodzi, mzere womwe ndimawerenga wasowa, sindikudziwanso ndinalekeza pati. Chinanso, netiweki ikakhala yofooka pansi penipeni pamalembedwa X SYSTEM ndipo chilichonse chimaima, dzulo ndinadina F8 kasanu chifukwa ndimaona ngati siinamve, patapita kanthawi zonse zisanu zinabwera motsatizana ndinapezeka ndili kutali kwambiri ndi pomwe ndimafuna.

Ndiye funso langa ndi ili, kodi ndi wc3270 yangayi yomwe ndaiika molakwika kapena ndi mmene zinthuzi zimayendera? Ndipo pali njira yotsikira mzere umodzi umodzi ngati pa Word kapena pa foni? Pamwamba kumanja palinso mawu oti Scroll ===> PAGE, sindinawakhudze poopa kuononga. Ndikufunitsitsa ndizimvetse osati kungoloweza mabatani.

achemwali_a_ku_Chipoka:

Achimwene simunalakwitse chilichonse, ndi mmene zilili. Ine sindine wa mainframe kwenikweni koma tinazikhudzako kusukulu ndipo chomwe chinandithandiza kumvetsa ndi ichi. Mukamatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba ndi zija zoimba nyenyezi ndi manambala, foni imakuonetsani kamndandanda, inu mumalemba nambala yomwe mwasankha, ndipo pa nthawi yomwe mukulembayo kukampaniko sakudziwa kanthu, mutha kufufuta, kulembanso, iwo ali chete. Mukadina send ndi pomwe yankho lanu limanyamuka, foni imati dikirani, kenako kamndandanda katsopano kamabwera kudzalowa m'malo mwa kakale kaja. Mndandanda ukakhala wautali simuukoka ndi chala eti, mumasankha nambala yopitira patsogolo kuti akutumizireni chigawo china.

3270, sikirini ndi kiyibodi ya IBM yomwe wc3270 yanuyo ikutsanzira, ndi choncho ndendende. Fayilo yanuyo mulibe mu laputopu mwanumo, ili kutali pa mainframe, inu mwangotumiziridwa tsamba limodzi. Pansi pa mzere womaliza womwe mukuuonawo kulibe chilichonse chobisika choti mawusi akachikoke. F8 ndi pempho loti nditumizireni tsamba lotsatira, F7 loti ndibwezereni lam'mbuyo. X SYSTEM ija ndi dikirani wa pa foni uja. Zambiri akuuzani achikulire a ku Nkhotakota aja akaona ulusiwu, iwo ndiye anagwira nazo ntchito zenizeni.

mdala_wa_mpunga_KK:

Zikomo achemwali, mwalongosola bwino kwambiri, ndingowonjezerapo. Mwanawe wandisangalatsa kuti ukufuna kumvetsa osati kuloweza. Ine ndinagwira ntchito ndi zimenezi zaka zambiri ku banki ina ku Johannesburg ndisanabwerere kumudzi kuno kudzalima mpunga, ndipo pamene ndinkayamba tinali ndi ma terminal enieni, chibokosi cholemera cha zilembo zobiriwira, cholumikizidwa ndi waya wa coax ku bokosi lina lotchedwa control unit.

IBM inatulutsa 3270 mu 1971. Nthawi imeneyo kompyuta inali imodzi, anthu oigwiritsa ntchito mazanamazana mwinanso masauzande, ena ali m'mabulanchi akutali polumikizidwa ndi malamya a telefoni oyenda pang'onopang'ono. Akanati batani lililonse lomwe munthu wadina lizipita ku kompyutayo n'kuyembekeza yankho, makinawo akanangotanganidwa ndi kumvetsera zala za anthu osagwira ntchito ina. Ndiye anakonza zoti terminal izisunga yokha tsamba lonse. Sikirini yofala ndi ya mizere 24, mzere uliwonse zilembo 80, zonse pamodzi 1920. Iwe ukamalemba kapena kuyendetsa cursor zonsezo zikuchitikira pa terminal pomwepo, mainframe siikudziwa n'komwe. N'chifukwa chake kamuvi kako kakafika pansi kamangotulukira pamwamba, kakuzungulira m'kati mwa malo 1920 omwewo, kulibe kwina kopita. Ndi mabatani ochepa okha omwe amadzutsa mainframe, Enter, ma PF kuyambira 1 mpaka 24 (ndiwo ma F akowo, F8 ndi PF8), ma PA ndi Clear. Tinkawatchula kuti ma AID key. Ukadina limodzi mwa amenewa kiyibodi imatsekedwa, pansi pamabwera X ija, mpaka yankho litafika. Pa laini ya 9600 bits pa sekondi tsamba lodzaza linkatenga sekondi imodzi ndi theka kuti lifike, ndiye ganiza ukanati uzitsika mzere umodzi umodzi, mzere uliwonse kudikira choncho.

Mnzako wa Linux akakuonetsa less kapena vi, mapulogalamu otsegulira mafayilo, atalumikiza ku seva ndi SSH, uona kuti kumeneko kamuvi kamatsitsa mzere umodzi umodzi. Kumeneko ndi banja lina, la ma terminal ngati VT100 ya DEC ya 1978, komwe batani lililonse limapita ku seva nthawi yomweyo. Usazisakanize ziwirizi, ndi maganizo awiri osiyana.

Tsopano ku vuto lako lenileni. Mawu omwe ukuopa kuwakhudzawo, Scroll ===> PAGE, ndi pomwe pali mankhwala ako, akhudze usaope suononga kanthu. Pamenepo ndi pomwe umauza ISPF kuti F7 ndi F8 zizidumpha motalika bwanji. PAGE ndi tsamba lonse, ndi zomwe zikukusokonezazo. HALF ndi theka. DATA ndi tsamba lonse kuchotsapo mzere umodzi, kutanthauza kuti mzere womwe unali pansi penipeni umakakhala pamwamba pa tsamba latsopanolo, umaona pomwe unalekeza. Koma ine kuyambira kale mpaka ndinasiya ntchito ndinkaika CSR, chidule cha cursor, ndipo aliyense amene ndinamuphunzitsa ndinkamuuza kuti tsiku loyamba lomwelo asinthe aike CSR. Ukaika CSR, umapititsa cursor pa mzere womwe ukufuna, tinene pomwe payambira PERFORM ya mu COBOL yomwe ukuitsatira, n'kudina F8, mzere umenewo umakwera kukakhala pamwamba ndipo zonse zapansi pake zimaoneka pamodzi. Ukadina F7 mzere wa cursor uja umatsikira pansi uone zomwe zili pamwamba pake. Cursor ikakhala pa mzere wa Command, CSR imangochita ngati PAGE. Ndiye umakhala ndi zonse ziwiri osasinthanso kanthu.

Ukafuna mzere umodzi umodzi zimatheka, lemba 1 pa Scroll paja, koma sindikukulangiza, makamaka ndi netiweki yomwe ukunenayo, chifukwa mzere uliwonse ndi ulendo wopita ku mainframe ndi kubwerako. Chabwino n'chakuti ulembe nambala pa Command ===> kenako udine F8, ukalemba 5 itsika mizere isanu kamodzi kokha, pa Scroll osasintha. Ukalemba M n'kudina F8 wafika kumapeto kwa fayilo, M ndi F7 wabwerera poyambira. Ukadziwa nambala ya mzere lemba L 500 ndi Enter. Ukadziwa mawu lemba F ndi mawuwo, kenako F5 kuti ikupezere pena pomwe abwerezedwa. Anthu odziwa ntchito sankatsika masamba ambiri ayi, ankafufuza.

Kulinso kumanzere ndi kumanja, F10 ndi F11. Mu edit ukaona pamwamba palembedwa Columns 00001 00072, ndiye kuti zilembo za 73 mpaka 80 zabisika kumanja chifukwa manambala a mizere adya malo kumanzere. Udzazifuna kwambiri ukamadzawerenga zotuluka za job yako, ntchito yomwe watumiza kuti mainframe iyendetse, mu SDSF momwe timaonera zotulukazo, chifukwa malipoti ambiri ndi otambalala zilembo 132 kapena 133, monga ankatulukira pa printer, ndipo uthenga womwe ukuufunawo nthawi zina umathera cha kumanja komwe sukuona. Ndinaonapo mnyamata wina atakhala m'mawa wonse akuti palibe error, pomwe inali pa sikirini yomweyo, kungofunika F11 kamodzi.

Za F8 kasanu zija, ma emulator amasiku ano, mapulogalamu otsanzira terminal ngati wc3270 yakoyo, amasunga zomwe wadina pamene kiyibodi yatsekedwa n'kuzitumiza motsatizana ikatseguka. Pa terminal yakale ikanangokukanira mpaka udine Reset. Ukaona X manja achoke pa kiyibodi, dikira.

wa_pa_Kamuzu_Road:

Bambo zikomo kwambiri, ndi achemwali omwe. Ndaika CSR ndipo ndi zoona zasintha zonse, ndaika cursor pa PROCEDURE DIVISION n'kudina F8 yakwera pamwamba ngati momwe munanenera. M ndi F8 nayo yatheka.

Koma pali china chandiopsa. Ndinalemba zilembo mwangozi pa mzere wina, ndiye ndinati ndikangodina F8 n'kuchokapo zisowa zokha poti sindinadine Enter. Nditabwerera ndi F7 ndapeza zilembo zija zilipobe. Kodi ndiye kuti fayilo yaonongeka kale? Ndipo funso lina bambo, amalume ali ndi mnzawo amene anagwirapo ntchito pa kauntala ku kampani ina kunja, akuti iwo pa sikirini yawo yobiriwira analibe za Scroll ===> zimenezi, ankangodina F8 kuona makasitomala otsatira, ndipo nthawi zina akabwerera ndi F7 ankapeza mndandanda wasintha pang'ono. Zimenezo ndi zomwezi kapena ndi zina?

dev_wa_ku_Senga_Bay:

Aise ine ndingonena maganizo anga, bwanji osangoika editor ya VS Code ndi Zowe Explorer yoilumikiza ku mainframe? Imakoka fayilo yonse ya pa mainframe kubwera nayo pa laputopu pako, umaitsitsa ndi mawusi mmene ukufunira, mitundu ya zilembo ilipo, ukamaliza umasunga imabwerera yokha. Zowe yakhalapo kuyambira 2018 ndipo ndi yaulere. Sindikunyoza za achikulirewa koma nthawi yomwe ukuthera pa F7 ndi F8 bwenzi ukuphunzira COBOL yeniyeniyo. Komanso ngati ukufunabe 3270 yo, ma emulator ambiri amalola kusintha mabatani, utha kuika kuti Page Up izitumiza PF7 ndi Page Down PF8 usamavutike ndi Fn. Ungosamala ndi scroll ya emulator yeniyeniyo, ina imasunga zithunzi za masikirini omwe adutsa kale ndiye ukabwerera m'mbuyo ndi imeneyo ukuona zakale, mainframe ikadali pomwe unaisiya.

mdala_wa_mpunga_KK:

Mwana wa ku Senga Bay sunalakwe, za kusintha mabatani ndi za zithunzi zakalezo wanena zoona ndipo Zowe ndi chida chabwino, aike ndithu. Koma ndikukana pang'ono pa zoti asiye 3270. Zowe imakubweretsera mafayilo, koma mapulogalamu omwe anthu a pa kauntala amagwiritsa ntchito ambiri akadali a masikirini omwewa, ndipo tsiku lomwe adzamupatse pulogalamu yotere kuti aikonze, F8 adzailemba ndi iyeyo ndi manja ake. Ndipo kwa ife kuno kuli phindu lina, tsamba limodzi la 3270 ndi pafupifupi 2 KB, chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp chimadya bandulo yoposa masamba ambirimbiri otere.

Ndiyambe ndi mantha akowo mwanawe. Fayilo siinaonongeke. Chomwe chachitika n'chakuti malo alionse olembapo pa sikirini ali ndi kachizindikiro kobisika, timati MDT, komwe kamayaka ukangosintha chilembo pamenepo. Ukadina Enter kapena PF iliyonse, terminal imatumiza batani lomwe wadina, pomwe pali cursor, ndi malo okhawo omwe asinthidwa. Ndiye F8 imanyamula zosintha zako pamodzi ndi pempho lotsika, siitaya kanthu. Apa uonanso chifukwa chake CSR imatheka, ISPF imadziwa pomwe cursor ili chifukwa zimatumizidwa nthawi yomweyo. Koma zosinthazo zili m'kope lomwe editor yagwira, sizinalembedwe pa disk. Zimalembedwa ukalemba SAVE, kapena ukatuluka ndi F3, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapsa, chifukwa F3 nthawi zambiri imasunga yokha osakufunsa. Ndiye iwe usadine F3, lemba CANCEL pa Command udine Enter, utuluka fayilo ili mmene inalili. Ndipo ukamangofuna kuwerenga tsegula ndi Browse kapena View osati Edit.

Za mnzawo wa amalume akowo, zikumveka ngati inali CICS, pulogalamu ya IBM yomwe imayendetsa masikirini a pa kauntala otere. Mu ISPF za scroll anakulembera kale a IBM. Mu CICS mulibe zimenezo, F8 payokha siitanthauza kanthu, ndi wolemba pulogalamu amene amati ngati EIBAID, momwe CICS imalemba batani lomwe ladinidwa, ili DFHPF8 (F8) chita chakuti, ili DFHPF7 (F7) chita chakuti. Kungoti tonse tinazolowerana kuti 7 ndi m'mbuyo 8 ndi kutsogolo. Ndipo chomwe chimadabwitsa ophunzira n'chakuti pulogalamuyo ikatumiza tsamba imatha, imachokeratu mu memory, pamene munthu wa pa kauntala akuwerenga kapena akulankhula ndi kasitomala palibe chomwe chikumudikira. Imangosiya kachikalata kakang'ono kotchedwa COMMAREA, momwe tinkalembamo nambala ya akaunti yoyamba ndi yomaliza pa tsamba lomwe laonetsedwalo. Munthu uja akadina F8 pulogalamu imadzukanso, imawerenga kachikalatako, imapita ku fayilo ya VSAM momwe muli maakauntiwo ndi lamulo la STARTBR loyambira kuwerenga pa nambala yomaliza ija, READNEXT lowerenga yotsatira kangapo mpaka tsamba lidzaze, ENDBR lotsekera, kutumiza, kutha. Akadina F7 imayambira pa nambala yoyamba ija n'kuwerenga chobwerera ndi READPREV, ndiye uyenera kudzaza tsambalo kuyambira pansi kukwera kuti mayina asaoneke chadodolido.

Ndiye waona chifukwa chake mndandanda unkasintha. Tsamba lam'mbuyo silinasungidwe paliponse, limawerengedwanso mwatsopano, ndipo ngati munthu wa ku bulanchi ina watsegula akaunti pakatipo imalowa pamalo pake n'kukankha ena. N'chifukwa chakenso masikirini ambiri otere sakuuza kuti tsamba 3 mwa 50, kuti adziwe 50 yo ayenera kuwerenga fayilo yonse, amangolemba kuti zilipo zina kapena zatha.

Pulogalamu yanga yoyamba ya mtundu umenewu ndimaikumbukabe. STARTBR imakuimika pa rekodi yomweyo yomwe waipatsa, ndiye READNEXT yoyamba imakubwezera yomwe inali kale pansi pa tsamba lakale. Ine ndinadziwa zimenezo n'kumaitaya yoyambayo nthawi zonse. Koma sindinaganize zoti rekodi ija itha kufufutidwa ndi munthu wina pamene wanga akuwerenga. Zikatero pulogalamu inkaima pa yotsatira, ine n'kuitaya, kasitomala mmodzi osaoneka pa tsamba lililonse mwa awiriwo. Mayi wina wa pa kauntala ndi amene anazitulukira, anabwera ndi pepala atalemba pamanja manambala a maakaunti motsatana, chala chili pa yomwe inasowayo. Kukonza kwake kunali mzere umodzi, kuyerekeza kaye nambala yomwe yabwera ndi yomwe ili mu COMMAREA usanataye. Koma ndinagona mochedwa masiku atatu ndisanaone.

Ukadzakumana ndi makina ena usadabwe. Pa TSO popanda ISPF sikirini ikadzaza pamabwera nyenyezi zitatu, umadina Enter, ndipo zomwe zadutsa zapita. Pa z/VM pansi kumanja pamalembedwa MORE... umadina Clear. Pa AS/400, yomwe terminal yake ndi 5250, kumeneko ndi Page Up ndi Page Down ndipo pansi pamalembedwa More... kapena Bottom, ndiye n'kuthekanso kuti mnzawo wa amalume ako ukamufunsitsa upeza ankagwiritsa imeneyo pa ntchito zina.

achemwali_a_ku_Chipoka:

Bambo nkhani ya rekodi yosowayo ndaisunga, chifukwa zomwezo zimachitikanso pa ma website tikamagawa mndandanda m'masamba. Achimwene chinanso, masiku omwe bandulo yatha kapena netiweki yavuta mutha kuika Hercules, pulogalamu yotsanzira mainframe, pa laputopu yomweyo, imayendetsa MVS 3.8j, kholo lakale la z/OS, yomwe ndi yaulere, mumalumikiza wc3270 yanuyo ku laputopu yomweyo popanda intaneti. Editor yake si ISPF yeniyeni ya IBM koma anaipanga mofanana, F7 ndi F8 ndi CSR zimagwira chimodzimodzi, ndiye zala zizizolowera.

wa_pa_Kamuzu_Road:

Ndalemba CANCEL, ndatsegulanso ndi View, zilembo zija kulibe, mtima wakhala pansi. Page Up ndi Page Down ndazisinthanso monga ananenera achimwene a ku Senga Bay. Hercules ndiikoka Loweruka usiku bandulo yausiku ikayamba. Bambo ndikadzafika pa CICS ndidzabweranso pa ulusi womwewu ndi za READPREV zo, pakuti za kudzaza tsamba kuyambira pansi sindinazigwire bwinobwino, ndikufuna ndiyambe ndazijambula papepala kaye.